Dzino Lopanda Pakamwa

Blacktown, Sydney
9 Malichi 2008

Achimwene Ilaitia,

Landirani moni wochokera kwa wakufa. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi onse a ku Vatuloa amene munawasiya m'buku. Ine kuno ndilipo. Maondo ndiwo avuta, koma kwa munthu amene anamwalira mu 1967, ndiye kuti ndikupeza bwino kwambiri.

Lamulungu lapitali ndinalowa tchalitchi cha anthu akwathu kuno, patatha zaka zambiri ndisakupondako. Titatuluka, mayi wina wogwira ntchito ya unamwino anandifunsa kwathu. Nditati ku Vatuloa, pa chilumba cha Kadavu, anaseka nati nayenso ndi wa konko, mwana wa Akosita. Nditatchula dzina langa ndi la bambo, mbale ya dalo, chilazi cha kwathu chija, inamupulumuka m'manja. Akuti, "Sekonaia wa a Penijamini anafera kunkhondo. Tili ana tinkaopa kudutsa pa mwala wake."

Mwala wanga, achimwene. Akuti mumaupaka njereza chaka ndi chaka. Akutinso ku Suva, m'buku lija la amoyo momwe mwana aliyense wa fuko amalembedwa kuti adziwike mwini nthaka, dzina langa linadulidwa ndi mzere, ndipo amene anakasaina ndinu.

Usilikali sunandiphe. Unandisunga mpaka 1983, nkundisiya ndi mendulo zitatu ndi khutu limodzi logontha. Nanga anakuuzani ndani kuti ndafa? Funsoli ndalitafuna sabata yathunthu, ndipo yankho ndapeza limodzi lokha: munda wa kokonati wa kumtunda kwa mtsinje, umene bambo ankati tidzagawana.

Mundawo sindikuufuna. Ndili ndi zaka 68. Mkazi wanga Maureen ndinamuika m'manda zaka zinayi zapitazo, mwana ndilibe. Chimene ndikupempha nchakuti dzina langa libwerere m'buku, kuti tsiku langa likadzafika ndidzagone pafupi ndi amayi, amene ndamva Lamulungu lomwelo kuti anatisiya mu 1981. Akuti zimatheka mkulu wa banja akavomereza. Mkulu wa banja ndinu.

Chimene ndinatumiza chaka chija munalandira, ndikudziwa. Yankho lake ndalidikira zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Pepani ndi zilembo zopotokazi. Mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu.

Ndine mng'ono wanu,
Sekonaia

Vatuloa, Kadavu
14 Meyi 2008

Seko, mzukwa iwe,

Moni. Kuno tili bwino, mvula yokha ndiyo yachuluka. Ndine Torika, msuwani wako, mwana wa azakhali ako. Ngati wandiiwala, ndine uja unandilonjeza ukwati tili m'bwato, ine ndili ndi zaka khumi. Usadandaule, ndinakwatiwa ndi wina. Nayenso anafa, koma iye anafa zenizeni.

Kalata yako inabwera ndi sitima ya Lachinayi. Ndinawerenga ndine, chifukwa achimwene ako maso anatha ndi matenda a shuga, ndipo chimwalirire akazi awo ndimawaphikira ndine. Nditawerenga mzere woyamba ndinaseka. Wachiwiri ndinakhala pansi. Chinangwa chinapserera pamoto.

Ukufunsa anatiuza ndani. Anatiuza asilikali ako omwewo, mwa mwambo wake, ndipo ife tinachita zonse zoyenera. Tinakulira tsiku lachinayi, lakhumi, mpaka lazana. Ng'ombe ziwiri zinafera iwe. Ine ndinameta tsitsi langa lonse, limene linali lokongola kuposa la mtsikana aliyense mpaka ku tauni ya Vunisea, ndipo silinamerenso bwino. Tsitsi limenelo udzandilipira ndi pakamwa pako.

Za munda, chita manyazi. Namondwe wa 1979 anagwetsa mitengo yonse, ndipo pamalopo pano ndi tchire la nkhumba.

Achimwene ako anamva kalata yonse osatsokomola nkomwe. Kenako anati ndikulembere izi, ndipo ndikulemba momwe ananenera:

"Munthu ameneyo sindikumudziwa. Bambo ankati wamoyo amalemba. Ngati ndi mng'ono wanga, alembe kumene anali, chaka ndi chaka, kuyambira tsiku limene anakwera sitima ya kokonati osatsazika munthu. Alembe ndi dzanja lake. Ndikamva, ndidzadziwa."

Ndinati, "Koma a Ilaitia, ndi iyeyu, tamvani mwano wake." Anati, "Amwano ndi ambiri."

Ndiye lemba, mwamuna wanga wakale. Unditumizirenso chithunzi ndione ngati dazi la bambo ako linakupeza, ndi magalasi owerengera, chifukwa zilembo zako zikuoneka ngati pamene padutsa nkhanu.

Ndine,
Torika

Blacktown
22 Juni 2008

Torika,

Moni. Magalasi ndi awo. Chithunzi ayi, dazi lilipo, ingokhulupirira.

Asilikali sanakuuzeni kanthu. Gulu lankhondo silinena kuti munthu wafa pamene m'mawa uliwonse likumuitana dzina pamzere. Bodza limenelo linaphikidwa m'nyumba imene ukuphikamoyo.

Akuti ndilembe. Akudziwa chimene akuchita. Ndani ankandigwira mkono pamene bambo ankandimanga dzanja lamanzere kumbuyo kuti ndiphunzire kulemba ndi lamanja ngati mwana wa mlaliki? Ndi iwowo. Zaka zitatu ndinavutika, mpaka bambo anati mutu wanga ndi chikamba cha kokonati, ndizipita kumunda. M'gulu lankhondo mafomu ankandilembera anzanga, kenako Maureen. Kalata ija ya mu Malichi ndinailemba masiku asanu ndi limodzi.

Ndinalumbira kuti sindilemba. Lachiwiri ndinagula kope.

Masiku atatu ndinakhala pa tebulo ndi cholembera ku dzanja lamanja, ndipo pa pepala panali deti lokha. Tsiku lachinayi ndikumwa tiyi, ndinangoona dzanja lamanzere latola cholembera lokha. Ndinayang'ana kuchitseko, Torika. Munthu wa zaka 68, bambo anafa kalekale, koma ndinayang'ana kuchitseko.

Kope loyamba ndi ilo. Muli momwe ndinapitira ku Suva mu 1961 kukatsitsa matumba a kokonati, nkupeza azungu akulemba anyamata a usilikali wa ku Mangalande. Anandiyeza chifuwa, anandithamangitsa, palibe amene anandifunsa za dzanja. Kanali koyamba munthu kundiuza kuti ndakhoza. Ndinadziwa kuti ndikabwerera kudzagwada ndi mizu ya yaqona, ya chakumwa chathu cha mwambo, kuti nditsazike, bambo adzakana, ndipo ine ndidzamvera. Ndiye sindinabwerere.

Mulinso za nsapato. Sanapeze zondikwana, ndipo sabata ziwiri ndinaguba ndi nsapato za mpira, sajeni akukuwa ngati wapsa. Dzina langa linamukanika, anangoti Jack. Ndakhala Jack kuyambira pamenepo. Ngakhale Maureen ankati Seko pokhapokha ndikadwala.

Uwawerengere. Akanena kuti sakundidziwabe, undiuze msanga ndisaononge makope.

Nanga mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi ulipo? Nanga pa mwala paja tinkadumphira m'madzi, ana amadumphirabe?

Sekonaia

Vatuloa
3 Sepitembala 2008

Jack,

Moni. Usakwiye, mudzi wonse ukukutchula choncho tsopano, ndipo galu wa a mphunzitsi wamkulu anamusintha dzina kuti akhale Sajeni.

Ndinkafuna kuwawerengera achimwene ako okha, koma nyumba zathu ukuzidziwa, khoma silisunga mawu. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinangoona anthu akuyala mikeka pakhomo. Azibambo anabwera ndi mbale ya yaqona. Nditafika pa nsapato za mpira, mkulu wina anatsamwa ndi kuseka mpaka anamumenya pamsana. Nditafika pamene unaima pa doko la Suva ukuyang'ana sitima ya kwathu ikuchoka popanda iwe, palibe amene anaomba m'manja kuti apatsidwe chikho. Mbale inangokhala.

Achimwene ako anati alibe nthawi ya nthano. Anakhala kuseri kwa nyumba, atafulatira, akupota chingwe cha makoko a kokonati. Koma nditawerenga kuti unachoka Lachiwiri, mawu anatuluka kuseriko: "Linali Lachisanu. Amayi anamuphikira nsomba ya mu mkaka wa kokonati, inakhala pa thandala mpaka inaola."

Anthu atabalalika ndinati, "Ndimayesa simukumudziwa?" Anati, "Ndikudziwa Lachisanu."

Ali ndi mawu ena. Akuti, "Mkono ndinkamugwira, ndi zoona. Ndikanakana bwanji? Koma bambo akatuluka kupita ku mapemphero, ndani ankamasula chingwe? Zimenezo sanalembe. Wolemba azilemba zonse."

A mphunzitsi wamkulu apempha kuti akope masamba ena aziwerengera ana a m'kalasi lomaliza. Akuti zilembo ndi zoipa koma nkhani imayenda ngati bwato la mphepo yakumbuyo. Ndawauza kuti ndiyambe ndafunsa mwini wake, ngakhale ndi womwalira.

Mango ulipo, wakalamba ngati ife. Pa mwala ana amadumphirabe, ndipo amayi awo amakalipabe mawu omwe aja.

Achimwene ako akuti sunafike 1967. Akuti ufike.

Torika

Blacktown
16 Novembala 2008

Torika,

Moni kwa iwe ndi kwa onse a pa mikeka. A mphunzitsi akope, koma akonze zilembo, ana asatengere.

Za chingwe, achimwene akunena zoona. Ndinali nditaiwala. Kapena sindinaiwale, ndinangozikankhira kumene sizingandisokoneze. Ndazilemba tsopano m'mphepete mwa tsamba.

Makope atatu ndi awo. Kope lachiwiri ndi lachitatu ndi za ku Borneo, nkhalango imene dzuwa silifika pansi. Uwerengere anthu momwe misundu inkatilowera m'nsapato, ndi momwe ndinaberekera mkulu wathu wovulala masiku atatu m'mbali mwa mtsinje, iye akundiimbira nyimbo za kwawo kuti asakomoke, ine ndikumupempha aleke chifukwa mawu ake anali oipa kuposa mfuti. Aseke. Kope lachinayi ndi za ku Aden, dziko la miyala yotentha. Limenelo ndi losaseketsa.

Koma zimene ndikulemba m'munsimu usawerengere gulu. Uwawerengere achimwene okha.

Ku Aden, mu 1967, tinali anayi m'galimoto. Mnzanga Dougie anandipempha tisinthane malo chifukwa dzuwa linkamuwotcha khosi. Tinasinthana. Tisanafike pa mphambano chipolopolo chinamupeza pamalo pangapo. Anafa atagwira malaya anga, akufunsa ngati amayi ake adzauzidwa bwino. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangoganiza kuti ndikanafa ine, ndikanafa ndisanatsazike bambo.

Titabwerera ku Mangalande, tsiku lina ku Liverpool ndinadutsa pa sitolo ya zinthu zakale. Pa windo, pakati pa mawotchi akufa, panali dzino la namgumi. Tabua, Torika, lalikulu, lofiirira ngati uchi, ndipo mwini sitolo ankapanikizira mapepala kuti asauluke. Ndinalowa. Ndinaligula osatsitsa mtengo.

Chingwe cha makoko a kokonati kunalibe. Ndinatenga chingwe chobiriwira cha kuntchito, nkuchiluka monga ankalukira agogo. M'phukusi la dzinolo ndinaikamonso wotchi yanga kuti ikhale mphatso ya achimwene, ndi chithunzi changa cha yunifolomu cha amayi. Panali mnzanga wa ku Tailevu, Peniasi, amene ankabwerera kwathu. Anavomera kukafika ku Vatuloa.

Kalata ndinayesa. Masiku anayi ndinalemba nkung'amba, chifukwa ndinkaona bambo akuitembenuza ndi pensulo yofiira m'manja. Ndiye ndinamuphunzitsa Peniasi mawu, akagwade nalo dzinolo pamaso pa bambo akanene kuti: ili lachokera kwa mwana wanu amene anachoka ngati mbala, akupempha mukwirire cholakwa chake, kuti adzathe kuponda pakhomo panu. Anawabwereza mpaka anawasunga.

Iwe ukudziwa, dzino likalandiridwa, mlandu watha, ndipo mawu amabwerera kwa wotumiza. Ndinadikira miyezi itatu. Ndinadikira chaka. Dzino silinabwezedwe, mawu sanabwere. Ndinati bambo atenga dzino langa koma ine andikana. Munthu wokanidwa chotero alembenso chiyani? Ndinapempha kuti azindituma kutali ndi anyamata akwathu, kuti pasapezeke wondifunsa za kumudzi.

Ndafika 1967. Ayankhe.

Sekonaia

Blacktown
20 Febuluwale 2009

Torika,

Moni, ngati ukadali kulandira moni wanga.

Miyezi itatu. Tsiku lililonse ndimatsika masitepe kukatsegula bokosi la makalata, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana wayamba kundimvera chisoni. Ndikuudziwa ufulu umenewu wokhala chete, ndi wa m'banja mwathu. Poyamba anali bambo, tsopano ndi mwana wawo wamkulu. Munafuna nkhani za nsapato ndi misundu kuti museke pa mbale ya yaqona. Nditafika pa zenizeni mwatseka chitseko.

Palibe kanthu. Ndakafunsa ku manda kumene kuli Maureen, akuti malo pambali pake alipo. Adzalemba kuti Jack.

Chondikwiyitsa nchakuti kulemba sikukundisiya. Ndinati ndaleka, koma m'mawa dzanja limayabwa. Ndili pa kope lachisanu ndi chiwiri, za ku Germany ndi momwe ndinakumanira ndi Maureen pa basi. Ndikamalemba za kumeneko, zimene zimabwera ndi za ku Vatuloa: fungo la kokonati wouma pa chiwaya, mawu a amayi akuitana nkhuku, njira yoterera ya ku mtsinje. Ndimazithamangitsa, zimabweranso. Mayi wa ku nyumba ya mabuku kuno anaona makopewo nandifunsa kuti ndi chinenero chanji. Nditamumasulira tsamba limodzi anavula magalasi, akuti bambo, ili ndi buku. Ndinati inde, buku la munthu wakufa, lopanda woliwerenga.

Magalasi aja usunge.

Sekonaia

Vatuloa
27 Malichi 2009

Seko,

Moni. Leka kulira ngati mwana wolandidwa nzimbe. Mu Januwale madzi anasefukira ku chilumba chachikulu cha Viti Levu ndipo sitima zinasokonekera. Koma sindikunamiza, chifukwa chachikulu si chimenecho. Nditawawerengera achimwene ako za dzino, anati ndibwereze. Ndinabwereza katatu. Kenako analowa m'nyumba, nagona moyang'ana kukhoma. Masiku asanu sanadye. Anandiletsa kukulembera mpaka atapeza mawu. Dzulo anandiitana. Otsatirawa ndi awo, ine ndangogwira cholembera.

"Sekonaia, mng'ono wanga.

"Peniasi sanafike kuno. Sitinamuonepo, dzina lake ndalimva m'kalata yako. Amene anafika ndi wophika wa m'sitima, atanyamula phukusi. Anati msilikali wina wamupatsa pa doko ku Suva, wati n'la kunyumba ya a Penijamini. Anamwa madzi nabwerera, chifukwa sitima inali kulira kuti izinyamuka.

"Bambo anamasula pa mkeka, tonse tilipo. Munatuluka wotchi yako. Munatuluka chithunzi chako. Kenako dzino, lili ndi chingwe cha asilikali. Pepala munalibe. Mwezi wonsewo wailesi inali ikunena za Aden.

"Ndiuze iweyo, ukanamva chiyani? Dzino limapempha mkazi, limapempha nthaka, limapepesa, limalengezanso maliro. Lokha silisankha. Limanena zimene pakamwa pa woligwira panena. Lako linabwera lopanda pakamwa, ndipo wotchi ndi chingwe zinalankhula m'malo mwake. Amayi anayamba kulira bambo asanatsegule pakamwa.

"Bambo analitenga ndi manja awiri, nalilandira monga amalandirira uthenga wa imfa. Anati, 'Ndalandira. Mwana wanga wabwera kwawo.' Pa tsiku lazana, anthu onse ali pamenepo, anaima nati, 'Mwana uyu ndinamumanga dzanja limene Mulungu anamupatsa. Akanakhala pano ndikanamupepesa.' Sindinawaonepo akulira, kupatula tsiku limenelo. Sanakukane. Anafa mu 1974 wotchi yako ili pa mkono.

"Tsopano imva zanga, chifukwa ndinati wolemba azilemba zonse. Namondwe wa 1979 atapita, kunabwera anthu odzatithandiza kumanga. Mmodzi anali atakhalako msilikali ku Mangalande. Anandiuza kuti ku Germany anaonako Jack wina wa ku Kadavu, wamanzere, wosakonda kucheza ndi anzake. Ndinadziwa pomwepo. Ndinapita kumunda, ndinakhala pa mtengo wogwa mpaka dzuwa linapendeka. Ndinaganiza za bambo akulira pamaso pa anthu, za amayi ovala zakuda, za ine ndekha ndikukumba manda, ndikukweza denga, iwe uli moyo, ukudya, osatumiza ngakhale mzere umodzi. Ndinati ngati ali moyo nkukhala chete chotere, akhale wakufa. Chaka chotsatira ndinapita ku Suva kukasaina. Amayi sindinawauze. Anakhala zaka zina ziwiri akupaka njereza mwala wako.

"Mlandu umenewo si wa Peniasi, si wa wophika. Ndi wanga.

"Dzino lako lili m'bokosi. Pabwera maukwati, pabwera maliro, nthawi zina tinalibe lina loti tipereke, koma ili silinatuluke m'nyumba muno. Chingwe chake chikadali chobiriwira.

"Makope ako ndamva, ndipo ndakudziwa kuyambira pa Lachiwiri lako labodza lija. Koma dzino silimva pepala. Bwera udzaligwire, udzanene wekha mawu amene unatuma munthu. Ine ndidzayankha m'malo mwa bambo. Ukadzatha, ndidzatulutsa langa, ndidzagwade ine, chifukwa cha amayi. Ukadzalilandira, tidzapite ku Suva ndikadinde chala. Ukadzalikana, ndidzadindabe.

"Usachedwe. Maso anapita kale, miyendo ikutsatira."

Mawu awo athera pamenepo. Anga ndi awa: a mphunzitsi wamkulu anaonetsa masamba ako kwa mnzawo wosindikiza mabuku a sukulu ku Suva, ndipo akufunsa dzina loti adzalembe pachikuto. Komanso ana a kwaya anabwera ndi chidebe cha njereza kuti akonze manda Pasaka asanafike. Atafika pa mwala wako anandiyang'ana. Ndinati audumphe.

Ubwere ndi mankhwala a maondo, tonse tikudwala omwewo.

Torika

Suva
12 Meyi 2009

Torika,

Moni. Ndili pa nyumba ya alendo pafupi ndi doko, ndipo pa windo ndikuiona sitima ya ku Kadavu akuikweza matumba a simenti. Akuti inyamuka mawa, injini ikalola.

Kalata ya achimwene ndinaiwerenga nditaimirira pa bokosi lija, kenako ndinakhala pa masitepe mpaka mayi woyandikana nane uja anandibweretsera madzi. Za amayi ndinakwiya sabata ziwiri. Ndinalemba masamba khumi ndi awiri owatukwana achimwene, abwino kwambiri, mwina abwino kuposa onse amene ndalembapo. Nditawawerenganso ndinaona kuti tsamba lililonse likufunsa funso limene likundiyang'ana ine: zaka khumi ndi zinayi amayi anakhala ndi moyo chitumizire dzinolo, ndipo positi ofesi inali pa ngodya. Masambawo ndasunga. Sindikudziwa ngati adzalowe m'buku. Achimwene anati wolemba azilemba zonse, koma sananene kuti azisindikiza zonse.

Suva sindinamuzindikire, nayenso sanandizindikire. Woyendetsa takisi anandilankhula Chingerezi. Nditamuyankha m'chilankhulo chathu anaseka, akuti ndikuyankhula ngati agogo ake amene anamwalira. Ndinati wandidziwa bwanji.

Ndagula mizu ya yaqona pa msika, mitolo iwiri. Umodzi ndi wa mlendo wofika. Winawo ndi wa mnyamata uja amene anayenera kutsazika mu 1961. Uwauze achimwene kuti tidzayambe ndi umenewo, zinthu ziyende mu ndondomeko yake: nditsazike kaye, kenako ndipepese, kenako ndifike. Mankhwala a maondo ndatenga ambiri, chifukwa pali kugwada kochuluka, ndipo sindikudziwa amene adzadzutse mnzake.

A mphunzitsi auze mnzawoyo adikire pang'ono. Pachikuto sipadzalembedwa Jack. Padzalembedwa dzina limene lili ndi mzere pakati, mzerewo ukadzachoka.

Mwala musauzule. Udzagwira ntchito, chaka chokha ndicho chidzafune kukonza.

Mawu a dzino ndakhala ndikuwayeseza m'chipinda muno, nditagwira botolo la madzi ndi manja awiri. Ndikafika poti "mwana wanu", mawu amathawa. Ndayenda pansi pa mfuti m'maiko atatu, koma mkeka wa m'nyumba ya bambo ukundiopsa kuposa onsewo. Ndawalemba kuseri kwa pepala lino, ndi dzanja lamanzere, kuti uwaone ngati ali bwino.

Kalatayi sindiipereka kwa wophika aliyense. Ndibwera nayo ndekha, ndidzakupatsa pamchenga, ndipo udzandidziwa ndi dazi. Koma undimvere chinthu chimodzi, msuwani. Ndikadzagwada, dzino lili m'manja, mawu nkundithawa, usadzatembenuze pepalali kuti undiwerengere. Usadzandithandize ngakhale liwu limodzi. Mudzangondidikira.

Ndine,
Sekonaia, mwana wa a Penijamini